Mmene Kadzamira Anakwezera a Mfuko Phiri

Padangotero. Inu muziti tili tonse, ndipo amene wachedwa akamva kwa anzake zopotoka kale.

Kalekale, khasu lisanazolowerane ndi mpini, a Mfuko anali ndi kampani yawo pansi pa dambo. Musaseke, inali kampani yeniyeni, ya tcheyamani, komiti ndi kapitawo. Ntchito yawo inali imodzi basi: kukumba mipita kulondola mbatata za anthu ndi kuzidya cham'munsi, mwini munda n'kumangopalira masamba.

Tcheyamani anali a Chidothi, nkhalamba ya mano awiri achikasu. Kapitawo anali mphwawo, Kadzamira, mwana wa mlongo wawo Nankhoma. Ndati mwana, koma apa ndikunong'onezeni. Ana ake obereka Nankhoma anatha onse anayi chaka cha njala. Tsiku lina kamwana ka Gologolo kanagwera mu una wake, maso kasanatsegule n'komwe. Mayiyo anakayamwitsa, nakakulunga mchira ndi luzi, nauza abale kuti mwanayo anabadwa ndi chotupa kumbuyo. A Mfuko maso awo ndi a dzina chabe, choncho anangovomera. Kadzamira nayenso anakula akudziwa kuti iye ndi Mfuko, kungoti wodwaladwala.

Ukapitawo anaupeza chifukwa cha mutu wake. Anzake ankadziwa mbatata akaigunda ndi mphuno, koma iye ankaidziwa isanabzalidwe. Ankangokhala phee, khutu lili padenga la mpita, kenako n'kuti, "Ndikumva misi iwiri ikusinja pamwambapa. Mwini munda watenga mkazi wachiwiri, ndiye chaka chino atsegula munda wina kuzambwe. Tikumbire komweko." Akakumba, mbatata mbwee. Anzathu ofika patali ndi sukulu amati kupanga mapulani. A Mfuko ankati kulota uli maso.

Panali loto limodzi lokha limene sankapita nalo ku komiti. Ankadziona akulumpha kuchoka pa chinthu chachitali kukagwira chinzake, mphepo ikulira m'makutu. Anauzako amayi ake kamodzi, iwo anamutseka pakamwa ndi chikhatho.

"Usadzabwerezenso. Mfuko sakwera."

Limenelo ndilo linali lamulo la makolo. Pakati pa a Mfuko ukanena mnzako kuti wakuba, amangoseka poti onse ndi akuba. Koma ukamunena kuti wokwera, ndewu yake imafika kwa adzukulu. Ndipo lamulolo linali ndi muyeso wake. Mpita watsopano ukakumbidwa, tcheyamani ankabwera ndi nzama youma, n'kuiika pansi, n'kuisiya. Ikagubuduka kupita kutsogolo, mpita watsika, ntchito yakoma. Ikabwerera kumapazi ake, mpitawo aukwirire, kapitawo achoke. Ngakhale nyimbo yawo ya pantchito inali ya zomwezo. Wotsogolera ankafunsa kumene Mfuko amalowera, onse n'kuyankha ndi mawu a m'mimba kuti ndi pansi, kumene kunagona makolo, ndipo pothera pake ankaponda dothi kawiri, di, di.

Tsiku lina Kadzamira akuyendera mipita anamva odi wachilendo.

"Odi eni nyumba. Ndine Nkhanu, ndabwera kudzaona malo."

"Mwasochera, achimwene. Mtsinje uli kutali."

"Unali kutali," anatero Nkhanu akugogoda khoma ndi chala chake chachikulu chija. "Anthu atseka kumunsi uko ndi chikhoma, akuti damu. Mvula ikangogwa, dambo lonseli ndi lathu, ndipo madzi ake sadzaphweranso. Chipinda ichi ndachikonda, muzidzagona mkazi wanga wamng'ono. Kodi nsikidzi mulibe muno?"

Nkhanu atachoka, Kadzamira anakhala pansi natsinzina monga mwa ntchito yake. Anaona madzi akulowa mpita ndi mpita. Anaona mbatata za m'nkhokwe zikuyandama. Anaona amayi ake, amene miyendo inali itayamba kale kuwakana, akukanda denga madzi ali m'khosi. Pamenepo anadzidzimuka naitanitsa msonkhano.

"Malume, ndi inu akomiti, tisamuke. Kumpoto kuno kuli phiri. Tikumbe chokwera, tikakhale m'kati mwake."

M'chipindamo wina analavula.

"Mphwanga," anatero a Chidothi, "madzi amachokera kuti?"

"Kumwamba, malume."

"Ndiye iwe ukuti tithawe madzi popita kwawo kwa madzi? Wothawa mkango salowera kumphanga. Agogo athu mvula ikakula ankatsika."

"Komatu madzi nawonso amatsika, malume."

"Akatsika, ife titsikenso. Tione atope ndani."

Akomiti anaombera m'manja nzeru zimenezo. Anagamula kuti pakumbidwe mpita wozama kuposa yonse, mudzi wonse usamukire pansi penipeni mvula isanagwe. Kadzamira anayang'ana amayi ake. Iwo anali pakona, akutafuna muzu. Iye anatembenukira kwa a Chidothi.

"Mwanena zoona, malume. Ndinalota molakwika. Mawa tiyamba kutsika."

M'mawa mwake anatsogolera okumba kulowera kumpoto. Sanakumbe mowongoka ayi. Anakumba mozungulira ngati chigoba cha nkhono, mpita n'kumakwera pang'onopang'ono, moti phazi silinkadziwa. Iye yemwe ndiye ankatsogolera nyimbo ija. Akafunsa kumene Mfuko amalowera, onse ankayankha kuti pansi, naponda di, di, uku akukwera.

Patapita masiku, ntchafu zinayamba kuulula.

"Akapitawo," anadandaula wokumba wina, "kutsika kwanji kumeneku kowawitsa ntchafu?"

"Unafikako pansi penipeni iwe?"

"Iyayi."

"Ndiye ungadziwe bwanji? Pansi penipeni sipafuna alendo, pamakankha. Ukamva ntchafu, dziwa kuti wazama kuposa agogo ako."

Wokumbayo ananyada, nauza anzake, ndipo kuyambira tsikulo aliyense ankadzitama ndi kuwawa kwa ntchafu zake.

Linafika tsiku la nzama. Kadzamira anali atakonzeka. Kumathero kwa mpita anakumbitsa mikono itatu yotsetsereka bwinobwino, ndipo a Chidothi atafika ali wefuwefu, anawaimika pomwepo.

"Ikani apa, malume, pomwe taleka."

Nzama inathamanga kutsogolo, gubudu gubudu, mpaka inakagunda khoma.

"Watsika," anatero a Chidothi. Koma pobwerera anaona kuti miyendo ikungowatenga yokha ngati wina akuwakankha kumbuyo, ndipo zimenezi anazisunga mumtima.

Ulendo wachiwiri anatumiza mthenga. Nzama adzaiika pamalo pomwe iwo eni asankhe, osati pomwe kapitawo wakonza. Kadzamira anakanda mutu, kenako anakumbukira Chikumbu, uja amakunkhuniza ndowe chafutambuyo. Anamupeza akupuma pafupi ndi mpira wake.

"Achimwene, ndamva kuti mwakalamba. Akuti masiku ano mumangosankha potsetsereka."

"Wanena zimenezo ndani?"

"Amangonena anthu. Akuti ngakhale kanzama simungakakankhe pokwera."

"Kabweretseni kanzamako."

"Kabwera kokha. Inu mungotsatira nkhalamba ya mano achikasu, ikakaika pansi muonetse mphamvu zanu. Koma mwakachetechete, akatswiri salankhula."

A Chidothi anayenda, nayenda, naima pakati penipeni pa mpita, pomwe panali pokwera kwambiri. Anaika nzama natchera khutu. Nzama inayamba ulendo wa kutsogolo, koma mwaulesi, ikuima, ikuyenda, ikuimanso.

"Nzama imeneyi bwanji ikubuula?"

"Yakalamba, malume. Inayamba ntchito limodzi ndi inu."

"Nanga kuchedwaku?"

"Ndi ulemu. Singathamange pamaso pa tcheyamani kawiri konse."

Akomiti anaseka navomereza kuti mpita watsika. Okumba anayambanso nyimbo yawo, mayankho ake akumveka mpaka kumudzi, di, di. Koma a Chidothi atatola nzama yawo anainunkhiza, naipukuta, nainunkhizanso.

"Fungo ili si la nzama," anatero chapansipansi.

Mabingu anali atayamba kumveka m'dothi pomwe mpita unafika m'mimba mwa phiri. Zipinda zinakumbidwa, nkhokwe zinakonzedwa. Kunangotsala muyeso wotsiriza kuti mudzi usamuke. Apa a Chidothi anabwera ndi malamulo atatu. Mpita usesedwe, pasapezeke ngakhale nyerere. Kapitawo agwiridwe manja ndi alonda awiri. Ndipo nzama ikhale yatsopano, woiika akhale Nankhoma.

"Mlongo wangayu chibadwire sananamepo," anatero. "Ngakhale ali mwana, akaba mbatata ankabwera kudzanena yekha."

Kadzamira anafufuza m'mutu mwake monse, koma munali mopanda kanthu ngati nkhokwe ya mwezi wa njala. Nzama ikabwerera, mpita ukwiriridwa, mudzi wonse utsikira kumadzi, amayi ake ali patsogolo. Alonda anamugwira. Nankhoma anabwera akukoka miyendo, nalandira nzama, naiika pansi.

Kadzamira, poti iye maso anali nawo, anaona zonse. Nzama inagwedezeka, inatembenuka, n'kubwerera mwakachetechete kukalowa pansi pa mimba ya amayi ake. Mayiwo sanasunthe. Anangotsitsa thupi pang'ono, ngati nkhuku pa dzira.

"Sindinamve kanthu," anatero a Chidothi. "Achemwali, yapita kuti?"

Nankhoma anayankha osadzuka.

"Yandipulumuka m'manja, achimwene. Yapita kutsogolo."

"Popanda phokoso?"

"Malume," analowerera Kadzamira, "mwala ukagwa m'chitsime chakuya mumaumva? Apa ndi potsetsereka zedi, nzama siigubuduka, imangogwa. Tumani anyamata akaifune."

Anaifuna mpaka kumathero osaipeza. Akomiti anagwirizana kuti nzamayo yapitirira mpaka kwa makolo, chinthu chomwe sichinachitikepo chiyambire kampani. A Chidothi anagonja, komabe anati, "Tikasamuka ndidzabwerera ndekha, ndidzayenda mpita wonsewu ndi nzama ina, phazi ndi phazi."

Tsiku losamuka mudzi wonse unandandalika, ana kumsana, mbatata pamutu, nyimbo ili pakamwa. Kadzamira anawerenga mitu pakhomo la mpita mpaka womaliza. Amayi ake panalibe. Anawapeza m'chipinda chawo chakale atakhala pafupi ndi timitumbira tinayi ta ana awo aja.

"Amayi, anthu apita. Kwerani kumsana."

"Wamva mawu ako? Wati kwerani."

"Ndi kanenedwe chabe."

"Nzama ija ndinadya, mwana wanga. Inali yowawa."

Kadzamira anagwada. Anayamba ndi nzeru zake zija. Anati kutsogoloko kuli mbatata yofiira yomwe iwo amaikonda, yofewa, yosafuna mano. Anati sakusamuka ayi, akungokaona malo, madzulo abwerera. Anati sing'anga wa miyendo akudikira pakati pa njira. Nankhoma ankangoseka pang'onopang'ono.

"Bodza lako loyamba unanena uli ndi mano awiri, ndipo ndinalimva likubwera usanatsegule pakamwa. Malume ako ungawapusitse. Ine ayi."

"Ndiye mukudziwa kuti madzi akubwera."

"Ndikudziwa. Unalotapo chiyani iwe chosachitika?"

"Nanga mukukhaliranji?"

"Enawo akukwera osadziwa, alibe mlandu. Akafika adzakhalabe a Mfuko, ana awo adzakhalanso a Mfuko. Koma ine nzama inandigunda pamimba. Ndikaponda mpita umenewo ndikudziwa kumene ukupita, amene akafike kumeneko adzakhala ndani? Nankhoma ayi. Ndanama kamodzi chifukwa cha iwe, ndipo sindikudandaula. Koma kukwera, mwana wanga, ndisiyire."

"Ine ndakwera ndikudziwa. Ndiye ine sindine Mfuko?"

Mayiwo anamukoka, namutembenuza, nayamba kumasula luzi lija. Linali litalowa m'thupi. Litatha, mchira unatambasuka, waubweya, wautali kuposa mwini wake. Kadzamira anauyang'ana ngati mlendo amene walowa osaodira.

"Si chotupa?"

"Sichinakhalepo chotupa. Unagwa kuchokera kumwamba, kwa a Gologolo, odumpha m'mitengo. Zija umalota ndi kwanu."

"Kwathu ndi kuno."

"Eya, ndi kuno. Ndinakuyamwitsa ndine. Koma Mfuko weniweni sakanaliona phiri m'mutu mwake, ndipo lero tikanatha tonse. Tembenuka."

Anatenga luzi latsopano namanganso mchirawo, mfundo zitatu.

"Waona mmene ndamangira? Kuyambira mawa uzidzimanga wekha. Akadzaugwira mchirawu, adzafunsa za mpita, ndipo akadzadziwa za mpita adzatsika onse kudzafera ulemu wawo. Malume ako ndimawadziwa. Anati adzabwerera ndi nzama, ndiye ine nditseka mpitawu kuchokera mbali ino, ndiutsendere mpaka asadzaupezenso."

"Ndikunyamulani mokakamiza."

"Ndikuwa. Mawu ndikadali nawo. Ndinena kumene nzama inapita, ndipo omalizira aja sanafike patali."

Kadzamira, amene anapusitsa tcheyamani, komiti, Chikumbu ndi mudzi wonse, anadzuka n'kumvera. Amayi ake anamuperekeza mpaka pakhomo la mpita, namukankhira m'kati.

"Uzidya, usamangoganiza. Ndipo ukamatsogolera nyimbo usamathamange, okalamba amatsalira."

Dothi loyamba linagwa pakati pawo. Iye anakhala pomwepo akumva zikhadabo zikukanda, zikutsendera, phokoso likunka lichepa. Atasiya kumva kanthu anakhalabe. Anadzuka pokhapokha dothi la pansi pa mapazi ake litayamba kuzizira.

Mvula inagwa masiku asanu ndi limodzi. M'phiri muja simunalowe ngakhale dontho. A Chidothi anapita ndi nzama yawo monga ananenera, koma anakapeza mpita wotsekeka, dothi lake lonyowa, ndipo kuseri kwake kunkamveka madzi ndi mawu a Nkhanu akulongosola katundu. Anabwerera naitanitsa msonkhano.

"Mwaona? Mudzi wakale wamira chifukwa unali pamwamba. Ife tapulumuka chifukwa tinatsika. Mphwanga, ndinakukayikira, undikhululukire. Chiyambire sipanakhale Mfuko wozama ngati iwe."

Anamunyamula, namuimbira, namuwonjezera udindo kuti akhale manijala wamkulu. Kenako wina anafunsa za Nankhoma.

"Anakana kubwera," anatero Kadzamira.

"Anakana kutsika?" Mayi wina anagwira pakamwa. "Pa ukalamba wonse uja?"

"Mitima ya anthu," anatero wina. "Tinkati ndi Mfuko weniweni, chikhalirecho anali wokonda pamwamba."

"Wafa ngati mbalame."

"Wokwera."

A Chidothi sanakalipe. Anangowerama, misozi ikutsikira m'mano achikasu aja. "Mlongo wanga wandichititsa manyazi," anatero. "Koma magazi ndi magazi. Timuthirire nsembe, kapena makolo angamuchitire chifundo n'kumutsitsa."

Kadzamira anatsegula pakamwa. Mawu anali okonzeka, ochepa chabe, oti mwa a Mfuko onse panalibe amene anatsala pansi koma mayi ake okha. Anayang'ana ana amene ankasewera pakhomo la nkhokwe, ouma, okhuta. Anatseka pakamwa.

Mwambo wa a Mfuko ndi woti ufa wa nsembe amauthira cholozera kumene wagona malemu, ndipo wothira amakhala mwana wake. Kuyambira kale unkathiridwa pansi. Tsiku limenelo akomiti anakambirana nagamula kuti, poti malemuwa anatsalira kumwamba, ufawo uponyedwe kudenga. Anasinja mbatata youma, namupatsa Kadzamira m'manja. Onse anakweza mphuno zawo m'mwamba, ena akung'ung'udza kuti khosi likuwawa.

"Ponya, mphwanga. Ponya kwambiri, ali kutali."

Kadzamira anaponya ndi mphamvu zake zonse. Ufa unagunda denga, unaima pang'ono m'malere, kenako unayamba kutsika. Unadutsa mphuno zonse zija, unadutsa mapewa, n'kukagona pansi, n'kulowa m'ming'alu ya dothi. A Mfuko sanaone kanthu. Anaona ndi iye yekha.

"Walandira?" anafunsa a Chidothi.

"Walandira, malume."

Yathera pompa nthano yanga. Amene anakwirira mbatata paphulusa akafukule msanga, ine yanga a Mfuko anadya ikadali m'munda.